Chapha Akamba N'chiyani?

Ndinene poyera, ndipo Mulungu andikhululukire: tsiku limene timu ya Akamba inatuluka mu ligi, ine Dilcia ndinavina. Ndinavinira kuseri kwa mulu wa matabwa, mopanda phokoso, chifukwa bambo anga anali atakhala pafupi ndi wailesi, chipewa chawo chobiriwira chili pabondo, nkhope ili ngati alandira uthenga wa maliro.

"Mavu asanu ndi awiri, ife atatu," anatero bambo. "Basi Dilcia, tatha. Khirisimasi ya chaka chino tizingoonerera mpira wa eni ake."

"Pepani bambo."

"Pepani ameneyo akutuluka mano ali panja bwanji?"

Ndinatseka pakamwa msanga, koma mtima wanga unali utakhala pansi koyamba pa masabata asanu.

Kuno ku Puerto Almendro, ngati kwina kulikonse m'dziko lathu lino la Dominikana, ukati mpira ukunena besiboli, wina kuponya wina kumenya ndi chibonga. Bambo anga, a Radhamés, ndi kalipentala, ndipo Akamba anayamba kuwasapota asanamere ndevu. Ndiye tangoganizani chimwemwe chawo pamene Wáscar Peguero, woponya wodalirika wa timuyo, anayamba kuimika njinga yamoto pachipata pathu. Bambo ankamuthirira khofi ndi manja awo. Wáscar analonjeza kuti ligi ikangotha abwera ndi mayi ake kudzandipempha mwaulemu.

Ligi inayamba mu Okutobala. Ndinapita kubwalo kasanu, masiku amene Wáscar ankakwera pa kachulu ka pakati pa bwalo kukaponya, ndipo kasanu konseko anatikwapula. Tsiku lachisanulo Yahaira anandijambula. Yahaira ndi mmodzi wa atsikana amene amavina pabwalo posangalatsa anthu, ndipo anali chibwenzi cha Wáscar ine ndisanabwere. Anandijambula ndikutafuna nthochi yokazinga, magalasi anga achikasu ali pamphuno, mpira womenyedwa ndi adani athu ukudumpha mpanda kumbuyo kwanga. Pansi pa kanemayo analemba liwu limodzi: Azarosa. Wodzetsa minyama.

Anthu ampira inu mukuwadziwa. Munthu wa digiri amatha mwezi osachapa masokosi chifukwa timu inapambana iye atawavala. Sabata isanathe akabaza ankakana kundikweza tsiku la mpira. Amuna osewera madomino pagolosale ankaphimba madomino awo ndi dzanja ine ndikamadutsa. Ndinkaseka nawo, koma ndikafika kunyumba ndinkalira.

Kenaka a Doña Nurys, mayi ake a Wáscar, anandiitanitsa. Anandithirira khofi m'kapu ya alendo.

"Mwana wanga, sindikudana nawe," anatero. "Koma usapondenso kubwalo mpaka ligi ithe. Akamba akalowa m'ndime yomaliza iwe kulibe, tidziwa kuti minyamayo ndi yako, ndipo mwana wanga umusiye. Akagwa okha, ndidzabwera ndekha kwanu kudzakupempha."

Ndinayang'ana Wáscar kuti awatsutse. Iye ankangotakasa khofi ndi dzanja lamanzere, munthu wa dzanja lamanja. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Mwina ndi bwino choncho, Dilcia. Usabwerenso kubwalo."

Kuchokera tsiku limenelo mauthenga ake ndinkangowerenga osayankha. Ine nditasiya kupita, Akamba anapambana masewera awiri otsatizana. Abale inu, ndinaonda. Kenaka anakumbukira khalidwe lawo, anayambiranso kugonja, ndipo akagonja ine chakudya chinkalowa. Lamulungu limenelo anagonja ulendo wa nambala makumi atatu, Wáscar atatsitsidwa pa kachulu masewera asanafike n'pakati pomwe, ine ndili m'shedi ya bambo, kutali ndi bwalo. Ndani akanandinenanso?

* * *

Ndikutsuka mbale foni inalira.

"Dilcia, zatha," analemba Wáscar.

Ndinapukuta manja. Nthawi ino ndinayankha. "Ndamva pa wailesi."

"Wayankha! Mulungu alipo. Ndinayesa foni yako inagwera m'nyanja."

"Inagwera mu khofi wa mayi ako."

Panadutsa kanthawi, timadontho ta pa foni tikungovina.

"Ndili ndi mawu. Mawa."

"Mawu ako omaliza anali akuti ndisabwerenso kubwalo. Ndikuwasungabe, sanawonongeke."

"Ndikudziwa kuti ndinakulakwira. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Mawa usapite ku maliro a timu."

Asa! Munthu uyu analibe manyazi.

"Wayambanso kundiletsa? Bokosi likupangidwa pakhomo pathu, utoto ndikupaka ndine. Ndipita, ndipo ndikaima kutsogolo."

Analembanso kangapo, koma ndinatembenuza foniyo chafufumimba. Ndinagona tulo tabwino, tosalota mpira.

* * *

Maliro a timu ndi mwambo wathu wa chaka ndi chaka. Timu ikatuluka mu ligi, mawa lake masapota a matimu ena amainyamula m'bokosi kuzungulira nayo tauni, eni timu akutsatira pambuyo ngati anamfedwa. Bokosilo amapanga ndi bambo anga, zaka makumi awiri tsopano. La Mavu amalipanga akuimba mluzu. La Akamba amalipanga ali chete.

Lolemba m'mawa ine ndinali kupaka utoto wobiriwira, ndikuimba pansipansi. Pakona pa shediyo panali chinthu chachikulu chokutidwa ndi lona, chimene bambo anayamba kupanga mu Seputembala ndipo sankalola munthu kuchisuzumira. Ndinafuna kutsamiritsapo chivindikiro cha bokosi kuti chiume.

"Osati pamenepo!" anakuwa bambo.

"Kodi muli chiyani umu, golide?"

"Muli zosakukhudza. Paka utoto."

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndisanamalize nyimbo yanga pachipata panalowa Chepe, mwini golosale, amene chaka chilichonse amavala katani yakuda n'kukhala wansembe wa malirowo. Kumbuyo kwake kunali Yahaira, diresi lakuda lothina, nsalu yakuda kumutu, chikwama chachikulu paphewa. Anali atadzisankha kukhala mkazi wamasiye wa Akamba.

"Mwadzuka bwanji a Radhamés? Wadzuka bwanji Azarosa?"

"Dzina lake ndi Dilcia," anatero bambo, maso ali pa thabwa.

"Masabata asanu sindinapondeko kubwalo, mwagonjabe," ndinatero. "Kafunse chiuno chako chovinacho, mwina ndi chimene chimasokoneza osewera."

Chepe anaseka mpaka kutsokomola. Yahaira anandiyandikira, akununkhira perefyumu ngati shopu.

"Minyama sigula tikiti, chemwali. Iwe unakhala kunyumba, inde, koma chithunzi chako chinkakwera pa kachulu. Chili m'kati mwa chipewa chake, amachipsompsona asanaponye. Ndinaona ndi maso angawa. Ndiye usati wapulumuka."

Ankaganiza kuti wandibaya. Ine burashi inangoima m'malere. Masabata asanu ndikumusala, munthu uja ankandinyamula pamutu? Ndinamva kutentha kumaso, ndipo ndinawerama msanga kuti Yahaira asaone.

"Zikomo pondiuza," ndinatero.

Anandiyang'ana mokayika, anasisita chikwama chake chija, n'kutuluka. Chikwamacho chinali chotupa, ndipo sindinachikonde.

* * *

Maliro ananyamuka pakhomo pathu cha m'ma 3 koloko masana, dzuwa likuswa mtengo. Amuna anayi ovala zachikasu za Mavu ananyamula bokosi. Patsogolo pankayenda Chepe, akuviika burashi m'ndowa ya mowa n'kumawaza anthu. Oimba malipenga ankaliza nyimbo ya maliro, koma pakona iliyonse inkasanduka nyimbo yovina ya merenge, bokosi n'kumavina nawo. Amayi ankadzigwetsa mumsewu.

"Mayo ine Akamba! Mwatisiya ndi yani?"

"Anali waulesi malemuyu, koma anali wathu!"

Yahaira ankalira kuposa onse, akuonetsetsa kuti mafoni akumujambula mbali yabwino. Ine ndinkayenda pambali pa bambo, amene ananyamula hamala ndi misomali, poti kukhoma bokosi ndi ntchito yawo. Anthu ena ankandipatsa moni, ena ankandilambalala. Ndinayenda mutu uli m'mwamba.

Tinafika pa paki. A Doña Nurys anali pabenchi, pansi pa ambulera. Ananditukulira dzanja pang'ono, ndipo ndinati mumtima, mayi awa asunga mawu awo.

Bokosi analiika pa masitepe. Apa ndi pamene pamakhala mutu wa mwambo wonse. Wansembe amafunsa chimene chapha malemu, anthu n'kutchula, chinthucho n'kuchiika m'bokosi, kukhoma, n'kukalitaya kumtsinje. Zimaoneka ngati masewera, koma dzina limene lakhomeredwa m'bokosi silitulukamo. Chaka chatha anakhomeramo nsapato za womenya wina, mpaka lero ana amamutcha Malemu, ndipo anasamukira ku likulu.

"Abale ndi alongo," anayamba Chepe, "tasonkhana kudzaika m'manda Kamba, amene anabadwa wochedwa, nakhala wochedwa, koma pa imfa yokha wafulumira. Ndikufunsa: chapha malemu n'chiyani?"

"Kochi!"

"Zibonga zobooka!"

"Njala!"

Yahaira anakwera masitepe. Anatsegula chikwama chija n'kutulutsa chidole chansalu, chachikulu ngati khanda. Chinali ndi tsitsi ngati langa, nthochi m'dzanja, ndi magalasi a waya opaka utoto wachikasu.

Paki yonse inaphulika ndi kuseka. Wina anayambitsa, ena n'kulandira, "Azarosa! Azarosa!" Si onse, koma anali okwanira. Ndinayang'ana kubenchi, a Doña Nurys anali atatsitsa ambulera kubisa nkhope. Ndinadziwa kuti chidolecho chikakhomeredwa, lonjezo lawo lapita nacho kumtsinje. Ndi mayi uti wa wampira angalandire mpongozi woikidwa m'manda ndi tauni yonse?

Yahaira anachigoneka m'bokosi mwaulemu, n'kuchipsompsona pamphumi. "Khomani, a Radhamés."

"Ine sindikhoma," anatero bambo.

"Ndi mwambo, akulu," anatero wina wa Mavu, akutambasula dzanja. "Bweretsani hamalayo tikhome tokha."

"Uyigwire uone."

Pamenepo anthu akumbuyo anayamba kupatuka. Wáscar ankabwera wapansi, thukuta lili kamukamu, chipewa cha timu kumutu. Mkono wake wamanja unali wokulungidwa bandeji, wokolekedwa m'khosi ndi nsalu. Anakwera masitepe, anatulutsa chidolecho ndi dzanja lamanzere n'kundipatsira. Kenaka analowa m'bokosimo n'kugona chagada. Bambo sanalipange la munthu wamtali choncho, miyendo inatsala panja kuyambira m'mawondo.

"Chepe, funsanso," anatero ali m'bokosi.

Chepe anafunsanso. "Chapha malemu n'chiyani?"

Wáscar anadzuka n'kukhala tsonga. Anakweza mkono wabandejiwo.

"Ichi. Chigongono ichi chinang'ambika mtsempha kutatsala sabata imodzi kuti ligi iyambe, Dilcia asanagule n'komwe tikiti yake yoyamba. Sindinauze kochi, sindinauze dokotala, sindinauze amayi. Timu ina ya ku Korea inkandiyang'ana, ndipo ndinkafuna ndikwatire ndili ndi poyambira. Ndinkameza mapiritsi n'kumaponya mpira wofewa ngati buledi. Inu a Mavu, dzulo mumati mwasanduka akatswiri? Ngakhale Chepe akanautulutsa kunja kwa mpanda. Lero m'mawa ndapita kwa dokotala, ndauzanso kochi. Mtsikana uyu alibe minyama. Ine ndi amene ndinali wamantha. Ngati mukufuna wokhomera, ndi ine ndagona muno."

Ndinkamva mafunde kudoko. Mafoni onse anali m'mwamba.

"Ndiye tikhome iyeyo!" anakuwa mayi wina.

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina, kopepuka. Ena ankamutukwana, ena ankawomba m'manja. Mkulu wina wa madomino anandivulira chipewa. Ine ndinali nditakumbatira chidole changa, misozi ikutsika, ndikuseka nthawi yomweyo ngati wamisala. Katundu amene ndinasenza miyezi iwiri anatsika paphewa, mpaka ndinamva njala.

"Malamulo a mpingo uno salola kuika munthu amene miyendo yake ikadali panja," analengeza Chepe. "Tipatse gulovu yako, mwana wanga, upite usakachimwenso."

Wáscar anatulutsa gulovu yake yachikopa m'lamba n'kuisiya m'bokosi. Bambo anaika chivindikiro n'kuyamba kukhoma. Ankamenya mwamphamvu kuposa mmene misomaliyo inkafunira, koma nthawi imeneyo ine sindinaganizepo kanthu.

A Doña Nurys anafika ambulera ili yopinda. Anayamba ndi mwana wawo, kumukwapula nayo kumsana kawiri.

"Galu iwe! Ine ndikuyatsa makandulo, ndikukusambitsa masamba, ndikuzunza mwana wa eni, iwe ukudziwa?"

"Amayi, mkono!"

"Ndikumenya msana, mkono ndikuuona!"

Kenaka anatembenukira kwa ine. Anandigwira masaya ndi manja onse awiri, maso awo ali ofiira.

"Ndakulakwira, mwana wanga. Ndakulakwira pamaso pa anthu, ndiye ndikupepesa pamaso pa anthu. Madzulo ano ndibwera kwanu monga ndinanenera."

Yahaira anali atavula nsalu yakumutu. Podutsa pafupi nane ananong'ona, "Umutenge, wa mkono umodziyo. Ku Korea uzikuonera pa mapu."

"Chidolechi wasoka bwino," ndinamuyankha. "Kuvina kukakukanika uli ndi ntchito."

* * *

Bokosi litapita kumtsinje, ine ndi Wáscar tinatsala pabenchi. Anandigulira ayezi wothira madzi a bwemba. Ndinadya theka ndisanamulankhule.

"Ukanandiuza."

"Ukanandikokera kwa dokotala tsiku lomwelo."

"Inde, ndikanakukoka ndi khutu. Ndiye unaona kuti ndi bwino anthu azindithawa mumsewu?"

"Ndinkati ndipambane kamodzi kokha, nkhani ya minyama ife yokha. Sabata iliyonse ndinkati sabata ino. Ndiye pamene amayi anati usabwere, ndinavomera chifukwa iwe umandidziwa kaponyedwe. Ukanabwera kachisanu ndi chimodzi ukanandigwira."

"Ndinakuona ukutakasa khofi ndi lamanzere."

"Ndinadziwa kuti waona. N'chifukwa chake sindinakuyang'ane."

"Nanga za chidole unazidziwa liti?"

"Dzulo, m'chipinda chosinthira. Anyamata ankaseka. Ndinati ndikuletse, iwe n'kundizimitsira foni. Ndiye ndinati basi, bodza langali lafika pothera."

"Vula chipewa."

Anavula. M'katimo munali kachithunzi kanga ka pa chiphaso, kofufuma ndi thukuta, komatidwa ndi tepi.

"Pa zithunzi zonse unasankha chimene ndikuoneka ngati wandende?"

"Ndi chimene umandiyang'ana molunjika."

Ndinafuna kukhalabe wokwiya, koma zinandikanika. Anandiuza kuti dokotala wati opareshoni, kenaka chaka chathunthu osaponya, ndipo za ku Korea zija zafera pomwepo. Anandifunsa ngati ndingakwatiwe ndi munthu wopanda timu.

"Ukakwata kwa mphezi suopa kung'anima," ndinatero. "Koma ukadzandinamizanso, bokosi lako ndidzapaka utoto ndine, ndipo miyendo idzalowa."

Anaseka, n'kundigwira dzanja ndi lamanzere lake lija. Ndinaganiza kuti mavuto athu apita ndi mtsinje.

* * *

Dzuwa lisanalowe Wáscar ndi mayi ake anafika. A Doña Nurys anavala diresi la kutchalitchi, atanyamula poto wa sankocho, msuzi wa nyama wotentha. Wáscar anavala malaya oyera, mabatani atamumangira mayi ake. Ine ndinali nditasesa pabalaza n'kuyala nsalu yatsopano patebulo, koma bambo anati alendowo alowe m'shedi.

Sanawathirire khofi. Anakhala pa benchi lawo, chipewa chobiriwira atachikoleka pa msomali.

A Doña Nurys analankhula bwino kwambiri. Anapepesanso, anayamikira kaleredwe kanga, anakumbukira malemu mayi anga. Pomaliza anati, "A Radhamés, tabwera kudzapempha Dilcia."

"Ndamva, mayi. Inu munalakwa posadziwa, zanu zatha." Bambo anatembenukira kwa Wáscar. "Mnyamata, mkonowo wati unavulala liti?"

"Ligi isanayambe, bambo."

"Kanema uja atatuluka, unkadziwa chimene chikukugonjetsa?"

"Ndinkadziwa."

"Tsiku limene kabaza anamutsitsa mwana wanga pamvula, n'kubwera kuno atanyowa ngati nkhuku, unkadziwa?"

Wáscar anaweramitsa mutu. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti bambo anaona tsiku limenelo.

"Usiku ankalira m'chipinda umo, akuganiza kuti ine sindikumva. Khoma ili ndi lamatabwa, ndinalipanga ndekha. Iwe unkagona tulo?"

"Bambo," ndinalowererapo, "lero walankhula pamaso pa tauni yonse."

"Walankhula ligi itatha. Walankhula palibenso chotaya." Mawu awo sanakwere. "Akamba andigonjera zaka makumi anayi, sindinawasiye, chifukwa amagonja ine ndikuona. Kugonja si mlandu. Koma mwamuna amene mkono ukamupweteka amabisala kumbuyo kwa mkazi, mawa ikadzapweteka nyumba adzabisala kumbuyo kwa yani?"

Anaimirira n'kupita pakona paja. Anakoka lona, fumbi n'kuti buu.

Linali bedi. Bedi la mtengo wa kaoba, lofiirira, losalala ngati galasi. Pa thabwa la kumutu panali maluwa osema, ndipo pakati pa maluwawo panali zilembo ziwiri zolukana, D ndi W. Ndinagwira pakamwa. Miyezi itatu yonseyi, ngakhale masiku amene ine ndinkalira, munthu wamkuluyu ankasema bedi la ukwati wanga.

Bambo anatenga puleni. Anaiika pa W paja n'kukankha. Kamodzi, kawiri, katatu. Timapepala ta thabwa tinagwera pansi topiringizika. A Doña Nurys anati, "Yesu Maria." Wáscar sanasunthe.

Atamaliza anapemerera fumbi, n'kusisita pamalopo ndi chala. D anatsala yekha.

"Sankochoyo zikomo, mayi, koma mubwerere naye," anatero bambo. "Mwana wanga sindikupereka."

Anatuluka mwakachetechete, mayi patsogolo ndi poto wawo, mwana pambuyo. Ndinamva chipata chikulira. Foni inanjenjemera m'thumba la diresi langa.

"Amayi apita. Ine ndili pachipata. Sindichoka mpaka utuluke."

Ndinawerama n'kutola kapepala kamodzi ka thabwa. Kanali ndi mwendo umodzi wa W. Bambo anali atandifulatira, akupukuta puleni yawo ndi kansanza.

"Chipatacho sindinakhome, Dilcia," anatero osatembenuka. "Koma ukatuluka, chilembo chinachi ndipalanso."